Lamulo la 50+1 lisathere ku Sanjika, litsikire kwa phungu

Azakhali anga amakhala m'mudzi wina wa m'mbali mwa Shire, kumene madzi akakwiya anthu amagona pasukulu. Nthawi ya kampeni ndinakawazonda, ndipo ndinapeza pachingwe atayanikapo nsalu zitatu zosiyana mitundu. Ina inali ya chipani, ziwirizo za anthu oima paokha. M'nyumba munali paketi ya shuga ndi kathumba ka mchere, zobwera ndi anyamata kutada. Nditawafunsa kuti nanga voti ipita kwa yani, anati, "Mwanangu, chobwera chokha sitibweza. Povotera paja ndikakhala ndekha." Anakhala chete pang'ono akupeta mapira, kenaka anaonjeza mawu amene sanandichoke m'mutu mpaka lero: "Koma uja anatigulira bokosi pa maliro a msuweni wako, ndimuiwale bwanji?"

Ine sindingawaweruze azakhaliwo. Chisankho chinachoka mu May n'kupita mu September, ndipo kuno kuchigwa September ndi mwezi woti dzuwa layamba kuswa mtengo, mapira ndi mchewere zatha m'nyumba zambiri, ndipo amene alibe dimba wayamba kuganiza zokazula nyika m'dambo momwe muli ng'ona. Munthu amene madzi a namondwe wa Ana anamukokolera mbewu mu January 2022, wa Freddy n'kudzagwetsa nyumba mu March 2023, ng'amba ya 2024 n'kudzaumitsa chotsala, simungamuuze kuti akane mchere chifukwa cha demokalase. Adzakuyang'anani n'kukufunsani ngati mwabweretsa wanu.

Anthu a kumtunda amakonda kunena kuti a ku Chikwawa ndi Nsanje amagulika msanga. Mawu amenewa amandipweteka, ndiponso si oona. Njala ili ponseponse m'dziko muno, ndipo nsalu zimagawidwa ku Karonga monga zimagawidwira pa Ngabu. Chimene ndikufuna tiyang'ane ndi china: voti ya phungu ndi ya khansala imatchipa chifukwa cha mmene timawerengera wopambana. Wogula safunika kugula anthu ambiri. Akungofunika kagulu kokwanira kumuika patsogolo pa anzake, basi.

Paja pa chisankho chapatatu timalandira mapepala atatu, koma malamulo ake ndi awiri. Mtsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse oponyedwa, ndiye 50+1 ija, ndipo akapanda kutero awiri otsogola amabwereranso kwa anthu. Phungu ndi khansala ayi. Iwo amangofunika kuposa mnzawo wowatsatira, ngakhale ndi voti imodzi, ngakhale anthu ambiri a m'deralo atawakana.

Tiyerekeze dera limene anthu 30,000 avota ndipo opikisana alipo khumi, zomwe sizachilendo kuno. Mavoti akamwazikana, munthu akhoza kulowa m'Nyumba ya Malamulo ndi mavoti 6,000 okha. Ndiye kuti pa anthu asanu alionse, anayi sanamufune, koma adzawalankhulira onse zaka zisanu. Tsono dziikeni m'malo mwa munthu ameneyo kutatsala chaka kuti tivote. Mufunika anthu 6,000. Kwa gulupu wa kwanu, kwa akazi anu, kumpingo kwanu ndi matimu a mpira amene munawagulira yunifomu, mwapeza kale theka. Otsalawo ndi amene mumawafikira ndi shuga, bokosi la maliro ndi galimoto yotengera wodwala kuchipatala. Kodi pali chifukwa choti muwolokere mtsinje kukamva madandaulo a mudzi umene suli m'masamu anu? Palibe. Ndipo mukapambana, mjigo woyamba mukakumba kumene kunachokera mavoti 6,000 aja, chifukwa ndi omwewo adzakubwezereni pampando.

Apa ndi pamene ine ndimaona gwero la zinthu zambiri zimene timadandaula. Timati phungu watiiwala, pamene mwina sanatiwerengepo n'komwe chiyambire. Midzi ya kumalire, ya kutsidya, ya kumapiri a ku Chapananga kapena ku Chididi, ya anthu amene anasamutsidwa madzi atawathamangitsa ndipo ndi alendo kumene akukhala tsopano, ndiyo imagwa m'masamu oterewa. Si kuti aphungu onse ndi oipa mtima. Ena ndi anthu abwino ndithu, ogwira ntchito. Koma njira yowerengera imawaphunzitsa kuti kusamala ochepa kumalipira kuposa kutumikira onse.

Kuchuluka kwa opikisanako nakonso sikungochitika. Chisankho chachipulula chikasokonekera m'chipani, wokhumudwa amakaima payekha, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi chifukwa chomveka. Mu 2019 aphungu 55 mwa 193 analowa ngati oima paokha. Ufulu umenewu ndi wabwino ndipo usakhudzidwe. Vuto ndi loti anthu awiri abwino ochokera mbali imodzi akaima onse, amagawana mavoti, wachitatu amene anthu ambiri samamufuna n'kudutsa pakati. Ndiye timamva akuluakulu akuchonderera munthu kuti "musiyireni mnzanu, mugawa mavoti," ndipo amene amauzidwa kuti asiye kawirikawiri amakhala mayi kapena wachinyamata wopanda ndalama.

Ife a kuchigwa tili ndi mbiri yathu pa nkhani ya tanthauzo la "ambiri". Mbuya Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje, atagonja kwa a Bakili Muluzi pa chisankho cha 1999, anapita kukhoti kukanena kuti wopambana ayenera kuvomerezedwa ndi opitirira theka la anthu onse olembetsa. Khoti linawakanira, ndipo kuchokera pamenepo zinakhazikika kuti amene waposa anzake ndiye wapambana. Zotsatira zake tinaziona. A Bingu wa Mutharika analowa mu 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. A Peter Mutharika mu 2014 chimodzimodzi, 36 pa 100. Mu 2019 bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalengeza kuti a Mutharika omwewo apambana ndi mavoti osafika 39 pa 100, pa chisankho chija cha Tipp-Ex, utoto woyera umene anafufutira manambala pa mapepala a zotsatira, dziko n'kuyaka moto miyezi yambiri. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafufuta chisankhocho n'kugamula kuti mawu oti "ambiri" m'malamulo aakulu a dziko akutanthauza opitirira theka la mavoti oponyedwa. Khoti la Supreme linagwirizana nawo mu May chaka chomwecho. Sizinali ndendende zimene Mbuya anapempha, ndipo iwo anali atatisiya kale mu 2016, koma funso limene anafunsa ndi lomwelo: kodi munthu angalamulire anthu amene ambiri a iwo anamukana?

Taonani zimene lamuloli lachita pa mpando waukulu. Pa 23 June 2020 a Lazarus Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100, atagwirizana ndi zipani zina chifukwa ankadziwa kuti chigawo chapakati chokha sichingawafikitse. Pa 16 September 2025 a Peter Mutharika anabwerera ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100, ndipo a Chakwera anavomera. Kaya munavotera uyu kaya uyo, palibe amene anganene kuti wolamulirayo analowera pawindo. Chofunika kwambiri kwa ife a maboma awiri a kumapeto kwa dziko n'choti wofuna theka sangataye boma lililonse. Voti ya ku Marka imalemera mofanana ndi ya ku Area 25.

Nanga ngati mankhwalawa achiza mutu, alekeranji kufika kumiyendo? Yankho ndi losavuta ndipo ndi lomvetsa chisoni. Amene ayenera kusintha lamuloli ndi omwewo amene lingawavute. Tisaiwale kuti 50+1 ya mtsogoleri wa dziko aphungu anaikana mu December 2017, ngakhale bungwe lounika malamulo linali litailimbikitsa ndipo a mipingo kudzera ku bungwe lawo la PAC anali ataikakamira. Inachita kubwera ndi khoti. Tisaiwalenso gawo 64 la malamulo aakulu, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995, lisanagwire ntchito ndi kamodzi komwe, ndipo zaka zonsezi anthu alilira osabwezeredwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Choncho phungu amalowa ndi anthu ochepa, ndipo akalowa ambiri aja alibe chomugwirira mpaka zaka zisanu zithe.

Ena adzati lamulo loletsa kugawa zinthu pa kampeni lilipo kale, ingolikhwimitsani. N'zoona, lamulo la zipani la 2018 limaletsa kupereka ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo ndikufuna ligwire ntchito. Koma ndani akanene? Azakhali anga akaneneze munthu amene anawakwirira mwana? Shuga amabwera usiku, ndalama zimadutsa pafoni, chipepeso chimaperekedwa pamaliro pamene palibe angachitche chiphuphu. Wapolisi sangakhale pa siwa iliyonse. Chimene chingathandize lamulo limeneli ndi kupangitsa kuti kugulako kusapindule. Munthu wofuna mavoti 6,000 thumba lake likhoza kukwanitsa. Wofuna 15,001 thumba limaperewera, ndipo amakakamizika kubwera ndi mawu, ndi ntchito zooneka, ndi kupempha chikhululuko kumene analakwa.

Tsopano ndimve mbali inayo, chifukwa zifukwa zake si zachibwana.

Choyamba ndi ndalama. Madera a aphungu tsopano alipo 229, ndipo ambiri mwa iwo angafunike chisankho chachibwereza. Mapepala, mafuta, malipiro a aphunzitsi oyendetsa chisankho, chitetezo, zonsezi ndi mabiliyoni m'dziko limene zipatala zikusowa mankhwala. Sindikupeputsa zimenezi. Koma kuvotanso si chinthu chachilendo kwa ife. Mu 2021 khoti litafufuta zotsatira za 2019 ku Nsanje North, Nsanje Central ndi Chikwawa East, anthu anabwerera pamzere mu March chaka chomwecho, ndalama zinapezeka, dziko silinagwe. Ndipo tikamawerenga mtengo wa chisankho tiwerengenso mtengo wa phungu wosaopa anthu ake. Thumba la chitukuko la CDF linafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse, ndipo pa kampeni ya 2025 tinamva lonjezo loti lifike pa K5 biliyoni. Kaya ndalamazo aziyendetsa ndi khonsolo kaya ndani, mawu a phungu ndi a khansala adzalemerabe pa nkhani ya kumene mlatho umangidwe. Ndalama zikamakula chotere, funso loti munthuyu anatumidwa ndi anthu angati limakulanso.

Chachiwiri ndi chathu chenicheni cha kuno: mvula ndi mtunda. Chibwereza chikachedwa mpaka kumapeto kwa November, anthu ali kumunda, mitsinje ya Mwanza, Thangadzi ndi Lalanje ikhoza kuyamba kudzaza, ndipo nkhalamba imene inayenda mtunda wautali padzuwa la September mwina singabwerenso kachiwiri. Anthu akabwera ochepa pa ulendo wachiwiri, theka lija limasanduka theka la ochepa. Ichi ndi chifukwa champhamvu, ndipo yankho lake ndi kuika chibwerezacho mu October, pa tsiku lodziwika kale chisankho choyamba chisanachitike, pamalo ovotera omwewo. Ngati pali chibwereza cha mtsogoleri wa dziko, zonse zichitike tsiku limodzi. Ndikukhulupiriranso kuti munthu amabwera pamzere akaona kuti voti yake ikhoza kusintha kanthu, ndipo pakatsala anthu awiri okha voti iliyonse imaoneka kulemera kwake.

Pali anzathu ophunzira amene amati tisiyiretu zovotera munthu, tizivotera chipani, mipando izigawidwa molingana ndi mavoti amene chipani chapeza. Ndi mmene amachitira ku South Africa, ndiponso kwa anansi athu ku Mozambique, kumene ambiri a ife tili ndi abale ku Mutarara ndi ku Morrumbala. Njirayi ili ndi ubwino wake: voti siitayika, ndipo amayi amalowa ochulukirapo. Koma ine kuno sindikuifuna. Mndandanda wa maina umalembedwa ku likulu la chipani, ndipo amene ali pamndandanda amaopa mlembi wamkulu wa chipani kuposa mmene amaopera mayi wa pa Tengani. Ife amene tili kutali ndi Lilongwe, amene nkhani zathu zimamveka pokhapokha madzi akasefukira, tikufunika munthu amene tikudziwa nkhope yake ndi kwawo, woti tikhoza kumuimitsa pamsika wa Nchalo n'kumufunsa.

Njira ina imene ndimaiganizira ndi ya ku Papua New Guinea. Kumeneko anali ndi vuto longa lathuli, opikisana ambirimbiri m'dera limodzi, wopambana n'kumalowa ndi mavoti a fuko lake lokha. Kuyambira pa chisankho cha 2007 wovota amasankha anthu atatu motsatana: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Powerenga, wotsalira kwambiri amachotsedwa, mavoti ake n'kupita kwa amene eni mavotiwo anamuika pachiwiri, mpaka wina apitirire theka la mavoti otsala. Ulendo ndi umodzi, mtengo ndi umodzi. Azakhali anga akanatha kupereka ulemu kwa wogula bokosi uja, n'kusungabe malo a munthu amene akumuona kuti angagwire ntchito. Chimene chimandibweza m'mbuyo ndi kuwerenga kwake. Mavoti ayenera kusonkhanitsidwa pamalo amodzi n'kuwerengedwa kangapo, ndipo ife amene tinaona Tipp-Ex timakhulupirira kwambiri kuwerenga kwa pasukulu pompo, mamonitala akuona, pepala n'kumatidwa pakhoma. Chibwereza cha anthu awiri aliyense amachimvetsa, wopita kusukulu ndi wosapita yemwe. Ku France aphungu amasankhidwa m'maulendo awiri, ndiye si chinthu choti tikuchipeka ife.

Sindikunena kuti 50+1 idzathetsa shuga wa usiku. Anthu awiri otsalawo akhoza kukhala olemera onse, ndipo ogonja ena adzagulitsa owatsatira ngati mbuzi pamsika wa Bangula. Zimenezi zidzachitika ndithu. Koma pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri pamabadwa chinthu chimene pano tilibe: masabata angapo amene mudzi wonyozeka umasanduka wofunika. Amene anapeza mavoti 6,000 ayenera kupita kwa anthu 24,000 amene anamukana, chipewa chili m'manja. Ayenera kuwoloka mtsinje. Mafumu, amayi a m'mabanki a m'mudzi, alimi a thonje, asodzi a ku Elephant Marsh, amakhala ndi mpata womuuza kuti tikupatsa voti ukalonjeza ichi pamaso pa anthu. Ndipo akalowa amadziwa kuti ulendo wina adzafunikanso theka, osati abale ake okha.

Zoti timufunse zilipo zambiri, ndipo zina zakalamba. Pa Mtayamoyo madzi anadula njira mu 1997, ndipo mwana wobadwa chaka chimenecho wakula akudziwa bwato ngati njira yopitira ku Makhanga. Doko la Nsanje linatsegulidwa ndi chisangalalo mu October 2010, atsogoleri a maiko ena alipo, koma sitima za katundu zimene tinalonjezedwa sitinazione. Msewu wa kutsidya la kum'mawa, wochokera pa Thabwa kulowera ku Fatima, watchulidwa pa misonkhano ya kampeni kuyambira ndili mnyamata. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ikufunika maso, kuti madziwo akafike kwa mlimi wamba ndipo malo ake asamuchoke m'manja. Ndiye pali nkhani yowawa ya kusamuka: boma limati chokani m'malo osefukira madzi, anthu amati kumtundako tikadya chiyani popeza chakudya chathu chili kudimba. Nkhani zoterezi sizingathe ndi phungu mmodzi, ndikudziwa. Zimafuna aphungu a chigwa chonse alankhule ndi pakamwa pamodzi, ndipo munthu amalimba mtima m'Nyumba muja akadziwa kuti kumbuyo kwake kuli anthu ambiri, osati kagulu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Aphungu sadzadzimanga okha chingwe, monga sanachitire mu 2017. Nkhaniyi iyenera kuyambira kwa ife, ndipo nthawi yake ndi ino, chisankho cha 2030 chikadali kutali, pamene palibe amene akudziwa ngati lamulolo lidzamukomera kapena ayi. Ikadzayamba kutatsala miyezi itatu, aliyense adzaiyeza ndi mpando wake. Ndikupempha a mipingo ndi a mizikiti, mabungwe ophunzitsa anthu za ufulu ndi zisankho monga CCJP ndi NICE, mawailesi athu a m'madera ndi mafumu athu kuyambira kwa Lundu mpaka kwa nyakwawa, kuti aiike pa bwalo. Phungu akabwera kumaliro kapena kudzapereka mpira, tisangomuthokoza. Timufunse poyera kuti, "Bwana, inu munalowa ndi mavoti angati mwa angati? Bilu yoti phungu azipeza theka itabwera, mudzaimika dzanja?" Amene analowa ndi anthu ambiri sadzavutika kuyankha.

Ngati akuluakulu akuopa kuyamba ndi madera onse 229 nthawi imodzi, ayambe ndi zisankho zapadera, zimene zimachitika phungu kapena khansala akamwalira kapena khoti likafufuta zotsatira. Pamenepo mtengo ndi wochepa, ndipo tidzaona ndi maso ngati anthu akubwerera pamzere kapena ayi.

Nditabwereranso kumudzi chisankho chitapita, ndinawafotokozera azakhali zonsezi tili pakhonde, kuti zikanakhala mmene ndikufunira, awiri otsogola akanabweranso kudzapempha kachiwiri. Anandifunsa ngati ndiye kuti naye uja amene sanafikeko kumudzi kwawo akanabwera. Ndinati akanafuna kupambana akanabwera. Anaika lichero pansi nati, "Akanabwera ndikanamutengera kudambo, akaone pamene timatunga madzi."